Thumba la Malaya a Atata

Tsiku lomaliza kuwaona atata ali moyo, anali ataima m'mbali mwa msewu pa Jumbe, atavala malaya opanda thumba. Tinkadikira minibasi ya ku Chipata, ine nditakumbatira katoni ngati muli mazira. Iwo anatulutsa kachipeso kawo, napesa tsitsi lomwe linatsala m'mbali mwa dazi, kenako nakaponya pachifuwa monga ankachitira masiku onse. Kachipeso kanatsetsereka pamimba n'kugwera m'fumbi.

"Waona, Paskale? Filimu yako isanatuluke n'komwe yayamba kale kundiwonongera katundu."

Anawerama movutikira chifukwa cha mwendo wawo wamanzere, womwe unali wouma pabondo. Minibasi itabwera ndinakwera, ndipo pawindo ndinawaona akupukuta kachipesoko pabuluku, akusowa pokaika. Ndinaseka. Sindinawabayibitse n'komwe, manja onse anali pa katoni.

Thumba lawolo linali m'katonimo.

Ndinali m'chaka chachiwiri pa koleji ina ku Lusaka, ndikuphunzira zojambula. Pagulu lathu tinalipo atatu. Natasha ndiye ankatsogolera, Alvin ankagwira kamera, ine ndinali wa sitoribodi ndi mapulopu. Sitoribodi ndi mapepala a mabokosi, bokosi lililonse chithunzi chake, nkhani yonse kuyambira poyamba mpaka pothera. Mapulopu ndi tinthu tonse tooneka m'filimu. Filimu yathu inali ya zidole. Umasuntha mkono wa chidole pang'ono, kujambula, kusunthanso pang'ono, kujambula, tsiku lonse msana uli pansi, ndipo ukadzalumikiza zithunzizo chidole chimayenda ngati munthu. Nkhani yake inali ya mlimi ndi njovu. Bungwe lina losamalira nyama linatibwereka kamera ndi magetsi, nalonjeza kuti filimu ikatha lidzaionetsa m'masukulu a kuno kuchigwa.

Mapulopu ndinapangira kuno kumudzi pa holide, ndipo atata analowerera osaitanidwa. Anasema kachilindo ka nsungwi, kokhala ndi makwerero ake, kofanana ndi chilindo chathu cha kumunda chomwe ankalondererapo njovu. Chitini choimba pothamangitsa nyama tinapangira chotsekera botolo. Njovu ndinaipanga ndi chubu chakale cha njinga, chifukwa makwinya ake amafanana ndi chikopa. Mlimi anali wa waya ndi dongo, ndipo mwendo wake umodzi unafupika mosayembekezera.

"Iwe, ukundinena?" anatero atata atamuona ataima mopendekeka.

"Ayi atata, waya ndiye wachepa."

"Waya wachepa! Ndi dazi lomwe, dongo linachepa?"

Koma tsiku lomwelo anayamba kuyendayenda pabwalo, uku ndi uku, kuti ndijambule bwino mmene phewa limagwera munthu akamatsimphina. Amama ankawaseka ali pakhonde. Kenako atata anaona kuti mlimiyo alibe chovala.

"Mlimi wamaliseche? Anthu a ku Lusaka adzati ku Mambwe tilibe zovala."

Anatenga lezala, nasomola thumba la malaya omwe anavala, aja a mizere yabuluu yomwe dzuwa linaidya mpaka kuyererako. Pamene panali thumba panatsala kabokosi ka buluu weniweni, ngati malayawo akukumbukira ubwana wawo. Amama anasoka kamalaya ka manja aafupi, kokhala ndi kolala yake, kakang'ono kuposa chikhatho changa.

Bokosi lomaliza la sitoribodi linali lingaliro la Natasha, koma dzanja lojambula linali langa. Mlimi akutsika pachilindo, akupatsa njovu dzungu, njovu n'kumukulunga ndi chitamba paphewa ngati anzake akale. Atata atachiona chithunzicho anaseka mpaka kutsokomola.

"Ineyo? Kupatsa njovu dzungu? Chabwino mwanawe, jambula. Mwina azungu adzalira."

Nanenso ndinaseka.

Foni inalira m'mawa wina wa mu Epulo, tili m'chipinda chojambulira. Mlimi anali pakati pa makwerero a kachilindo, phazi lina m'mwamba. Anali msuweni wanga Steward, mwana wa mlongo wawo wa atata. Anati njovu inawapeza atata kukucha, akutsika pachilindo kuti azibwerera kunyumba. Anati chimanga chonse chagona. Anati anawazindikira ndi malaya.

Ndinazula chidole pa makwerero, mapini ndi zonse, n'kuchiponya m'chikwama pamodzi ndi sitoribodi. Alvin anakuwa kuti ndawononga shoti, ntchito ya masiku awiri. Ku kolejiko sindinabwererenso, ndipo mauthenga awo ndinkangowaona akulowa.

Malaya aja anaikidwa nawo m'manda, zomwe zinatsalako. Maliro atatha, azimayi anachapa zovala zonse za atata monga mwa mwambo, kuti zigawidwe zili zoyera. Ndikuchokera kudambo ndinaona chingwe chadzaza mabuluku, jekete la kutchalitchi, masokosi. Pakati pa zonsezo panali kamalaya kaja, katapanidwa ndi pegi imodzi yomwe inali yaikulu kuposa iko. Amama anali atalowa m'chikwama changa n'kuvula chidole.

"Ndi nsalu yawo," anatero osandiyang'ana. "Siingatsale yosachapa."

Kwathu katundu wa mwamuna amagawa ndi akwawo, ndipo amapita kwa ana a alongo ake. Ife ana timalandira chomwe atipatsa. Atate anga aakazi, a Harriet, anakhala pamphasa n'kumaitana mayina. Njinga inapita kwa Steward, jekete kwa mng'ono wake, wailesi kwa wina yemwe sindinamuonepo akubwera kudzawaona atata ali moyo. Pomaliza ananyamula kamalaya ndi zala ziwiri, anthu ena n'kuseka chamumtima.

"Aka n'ka ndani? Palibe angakavale. Paskale, tenga, ndiwe unayambitsa."

Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri. Ndicho cholowa changa chonse, ndipo sindikudandaula. Njinga ija Steward anaithyola foloko mwezi usanathe.

Natasha ndi Alvin anafika mu Juni, nthawi yothyola thonje. Ndinawaona ali patali, akutsika panjinga zamoto, nsapato zoyera zitasanduka zofiira. Natasha anali atamanga chitenje, mfundo yake ili kolakwika. Anagwada pamaso pa amama, napereka shuga ndi sopo.

"Mwaswera bwanji, amama? Pepani ndi zovuta. Tinachedwa kubwera."

Amama anawalandira bwino, nawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinakhala pa chitsa, chapatali. Tinakamba za msewu, za fumbi, za mtengo wa thonje, mpaka Alvin anatopa.

"Boyi, tisazungulire. Dedilaini ni mwezi wamawa. Filimu yatsala chabe sini imodzi, ka chigawo komaliza."

"Jambulani."

"Tijambula bwanji? Mlimi uli naye ndiwe."

Natasha anamugwira bondo kuti akhale chete. Analankhula yekha, mofatsa, akuyang'ana pansi. Anati sanabwere kudzandikakamiza kubwerera kusukulu. Anati chidole apanga kale china, mutu anaumba kuchokera pa zithunzi, mwendo anaufupikitsa chimodzimodzi. Chovuta ndi malaya. Filimu yonse mlimi wavala malaya amenewo, ndipo kamera imafika pafupi kwambiri moti ulusi uliwonse umaoneka. Anazungulira misika yonse ya salaula, ya zovala zakale zija, nagula malaya a mizere yabuluu, ena anawaviika mu jiki, ena anawayanika padenga milungu ingapo. Palibe anafanana. Ukaika zithunzi pamodzi, mlimi amaoneka ngati wasintha zovala ali pakati pa makwerero.

"Tikalephera iyi, tibwereza chaka chonse, Paskale. Ine kwathu sangandilipirirenso."

Ndinkadziwa kuti sakunama. Bambo ake anali atasiya ntchito kalekale, ndipo iye ankaluka anzake tsitsi ku hositelo kuti adye. Koma zimenezo sizinandifewetse mtima ngakhale pang'ono.

"Sini yatsalayo ndi iti?" ndinafunsa, ngakhale ndinkaidziwa.

Natasha ndi Alvin anayang'anana.

"Nenani. Amama ali pano, amve. Ndi iti?"

"Ya dzungu," anatero Natasha.

"Ya dzungu. Ndiye mwakwera basi kuchokera ku Lusaka, mwagula shuga, kuti atata anga atsike pachilindo akapatse njovu dzungu."

"Si atate ako, boyi, ni chidole," anatero Alvin. "Ndipo sitifuna chidole. Tifuna ka nsalu chabe."

Sindikumbuka kuimirira. Ndinangopezeka ndili pamwamba pake, iye atakhala pamphasa akuyang'ana m'mwamba, magalasi atapendekeka.

"Ka nsalu chabe? Iwe unawaona atata? Unawaona mmene anawatolera? Ine sanandilole n'kutsegula bokosi! Steward anazindikira mizere yabuluu, basi, ndiye kunali kuzindikira kwake. Mizere yomweyi ukuti uiviike mu jiki. Pita kumunda uko, si kutali, chilindo chikadalipo. Makwerero ndi omwewo ndinakupangira aang'ono aja. Ukaime pansi pake ndi dzungu lako, udikire."

"Paskale," anatero amama.

"Ayi amama, amve! Filimu iyi akuti adzaionetsa pasukulu pathu pano. Pabwalo pomwe anthu anagona pa maliro. Adzapachika nsalu yoyera, ana adzakhala kutsogolo, inu kumbuyo ndi azimayi anzanu, ndipo mudzaona munthu wa dazi, wotsimphina, wovala malaya munasoka nokha, akukumbatiridwa ndi njovu. Mudzi wonse udzadziwa kuti ndi atata, a Silas. Kenako wina wa bungwe, wa kabudula wa khaki, adzaimirira n'kufunsa kuti, ana inu, mwaphunzirapo chiyani?"

"Tinaganiza zoika dzina lawo kothera," anatero Natasha. "Kuwakumbukira."

"Eya, ndiye zakoma! Njovu iwakumbatire, nyimbo ilire, kenako dzina. Kuti yemwe anakayika atsimikize."

"Bokosilo unajambula ndiwe," anatero Alvin motsitsa mawu.

"Ndinajambula ndine, ndipo ndifufuta ndine."

Ndinabwerera pachitsa. Nkhuku zomwe zinathawa zinayamba kubwerera. Kamalaya kanali m'thumba la buluku langa, mokulunga m'pepala la pulasitiki, momwe kamakhala tsiku lililonse. Ndinakagwira kunja kwa thumba ndipo ndinatsimikiza kuti apita chimanjamanja. Abwereze chaka. Ena tikubwereza zoposa chaka.

Kenako amama analowererapo.

"Mwana wanga," anatero kwa Natasha, "zomwe munajambula kalezo zili kuti? Ine ndimangomva filimu, filimu."

Natasha anandiyang'ana kaye, kenako anatulutsa foni, nasendera pafupi ndi amama. Ndinafuna kuletsa koma filimu inali itayamba kale. Kuchokera pomwe ndinakhala sindinkaona bwino, koma chithunzi chilichonse ndinkachidziwa pamtima. Chitseko cha kanyumba chikutseguka. Mlimi akutuluka, akuyang'ana kumwamba, akuika khasu paphewa. Kenako akuyenda kanjira ka utuchi kopita kumunda, phewa lamanzere likugwa, kudzuka, kugwa.

Amama anagwira pakamwa.

"Ii! A Silas!"

Anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba chichitikire maliro. Misozi inabwera pambuyo, koma kuseka sikunaleke.

"Taonani mmene akuponyera mwendowo. Ndi iwowo! Akuthamangira chiyani, mundawo uthawa?"

Anatambasula chala n'kukhudza kolala ya kamalaya pagalasi la foni. Filimu inaima. Mlimi anauma pakati pa njira, phazi lili m'mwamba. Amama anabweza dzanja msanga ngati apsa.

"Ndawononga?"

"Iyayi amama, mwangoimitsa. Mukakhudzanso ayenda."

Anakhudza, atata n'kuyenda. Anakhudzanso, n'kuima. Anatero kangapo. Kenako anawasiya ayende mpaka anafika pachilindo, nayamba kukwera. Pakati pa makwerero chithunzi chinada.

"Zathera pamenepa?"

"Ndi pomwe tinalekezera," anatero Natasha.

"Ndiye akhala pamakwerero mpaka liti? Ndi mwendo umenewo?"

Funsolo analifunsa kwa ine. Ndinayang'ana kumbali.

"Kabweretse mapepala ako aja," anatero. "Ndione dzungu lakelo."

Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa sitoribodi pansi pa matiresi. Ndinaiyala pamphasa, n'kutsindira makona ndi miyala. Amama anatsatira mabokosi ndi chala, limodzilimodzi, mpaka pa lomaliza. Analiyang'ana nthawi yaitali. Njovu ndinaijambula ndi nsidze zazitali, ikumwetulira.

"Dzungu limeneli alitenga m'munda mwa ndani?" anafunsa. "Chaka chino kwatsala dzungu kumunda kuja?"

Alvin anayamba kufotokoza za uthenga wa filimu, za kukhalira limodzi anthu ndi nyama. Amama anamudikira mpaka anamaliza, chifukwa ndi mlendo.

"Mwalankhula bwino, bambo. Ife timakhala nazo kale, sitinasamukepo." Kenako anatembenukira kwa ine. "Nsaluyo ndi yako, anakupatsa pamaso pa anthu. Ine sindingakulande. Koma ndikanakonda akwere afike pamwamba. Ndiwaone atakhala pansi, apume. Chakudya changa chokha asapatse chinyama chimenecho."

Ananyamuka n'kupita kukatereka madzi a alendo.

Ndinakwiya nawo amama nthawi imeneyo, ndipo mkwiyowo unalibe kolowera. Ndinkafuna andithandize kuthamangitsa anthuwa, koma iwo ankafuna kuona amuna awo akuyenda. Ndinatenga pensulo m'chikwama cha Natasha osapempha, ndinatembenuza pepala lomaliza, n'kulemba mabokosi atsopano kumbuyo kwake. Dzanja linali litauma, miyezi iwiri osajambula, koma linakumbuka.

Bokosi loyamba, mlimi wafika pamwamba, wakhala pansi, watambasula mwendo woumawo. Lachiwiri, akuimba chitini, kamera ili pankhope pake. Lachitatu, kwacha, chilindo chili chokha, chitini chagwera pansi pa makwerero. Lachinayi, kamera ikubwerera m'mbuyo, chimanga chonse chagona mbali imodzi.

"Njovu ili kuti?" anafunsa Alvin.

"M'katoni. Ikhale momwemo."

"Boyi, filimu ya njovu yopanda njovu kothera? A bungwe sazavomera. Sazaionetsa kulikonse, ndipo kamera azaitenga."

"Atenge. Malaya apita ndi mabokosi awa. Apo ayi, sapita."

Natasha anakoka pepala n'kuliyang'ana. Ndinamuona akuwerengera m'mutu, magetsi, masiku, mapesi oti agonetse limodzilimodzi. Ndinkayembekeza kuti ayamba kundinyengerera, ndipo ndinali nditakonzeka kumutukwana nayenso.

"Chimanga tingapangire udzu wa tsache," anatero. "Kamera tibwereka ya dipatimenti, ija amabwereketsa Loweruka. Aphunzitsi amafuna filimu yotha, sanatchule dzungu."

"Natasha, iwe!"

"Alvin, wawaona amama. Ukufuna ukawaonetse iwe sini ija? Ine sindingathe."

Alvin anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya. Natasha anatembenuza pepala, natenga pensulo m'dzanja langa, nalemba mtanda waukulu pa bokosi la dzungu, kuchokera kona mpaka kona. Pensulo inaboola pepala pa chitamba.

Ndinalowanso m'nyumba n'kutenga chidole chenicheni, chija cha waya wochepa. Chinali chamaliseche chichapire amama. Ndinatulutsa kamalaya m'pulasitiki. Kanali kakununkhirabe sopo. Ndinalowetsa mkono umodzi, kenako winawo, pang'onopang'ono kuti dongo lisasweke pachigongono, n'kukonza kolala ndi chikhadabo. Atata sankakonda kolala yopindika.

"Chanu chija mutaye," ndinatero. "Akwere ndi uyu. Musachape, musasite, musaike guluu. Mukatha mubwere naye nokha, osatumiza pa basi. Ndipo foniyo mubwere nayo, amama aonere pano."

Natasha analandira ndi manja awiri, monga ndinalandirira ine pamphasa paja. Palibe anamuphunzitsa zimenezo. Anamugoneka m'bokosi la nsapato, pa thonje lomwe anatola pamulu wa pakhonde.

Pansi pa pepala panali patatsala bokosi limodzi lopanda kanthu. Ndinali nditalemba mabokosi asanu, n'kujambula anayi.

"Nanga umu?" anafunsa Natasha. "Dzina lawo?"

"Dzina ayi. Akuno akuwadziwa, a ku Lusaka alibe nalo ntchito."

"Ndiye tiikemo chiyani?"

Ndinatenganso pensulo. Sindinajambule munthu, sindinajambule nyama. Ndinadetsa bokosi lonse mpaka m'makona, n'kusiya kampata koyera pakati, ndipo m'menemo ndinalemba tsiku lija foni inalira.

14 Epulo 2023.